Mmene ndinakonzera utali wa mitu ya buku langa

Buku limene ndikulemba limakamba za mtsikana wa ku Mangochi amene anabwera kuno ku Johannesburg kudzagwira ntchito ya m'nyumba. Mutu uliwonse unkafika mawu pafupifupi 6,000, ndipo anzanga a ku Rosettenville ndi Yeoville amene ndimawatumizira pa WhatsApp ankalekezera pakati. Ambiri amawerenga pafoni ali m'takisi yochokera ku Bree, kapena usiku ataweruka ali otopa kale.

Ndinasiya kuyang'ana kuchuluka kwa mawu. M'mutu uliwonse ndinafufuza pamene zinthu zasinthiratu, pamene mtsikanayu sangabwererenso mmene analili, n'kudula pomwepo. Tsiku limene abwana ake anamulanda pasipoti, mutu unathera pakhomo la khitchini, iye asanayankhe n'komwe. Zimene anachita usiku umenewo zinapita ku mutu wotsatira. Mitu yambiri inatsala ya mawu 1,500 mpaka 2,500, ndipo ina ndi ya tsamba limodzi basi.

Mutu umodzi ndinakana kuufupikitsa, wa ulendo woperekeza maliro a achimwene ake kumudzi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kutalika kwake, ndipo ndikufuna wowerenga naye atope, aime pamzere wodinditsa pasipoti, amve kutentha kwa ku Tete bokosi lili m'ngolo kumbuyo. Ndinangosiya mzere wopanda mawu pa chipata chilichonse, kuti amene wafika potsikira apeze polekezera n'kudzapitiriza madzulo.