Mwana Aone Kaye, Kenako Alembe Word Equation ya Decomposition

Aphunzitsi anzanga a sayansi m'masukulu a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndikupempheni kuti musafulumire kulemba word equation (mzere wa mayina a zinthu zimene mwayamba nazo, muvi, kenako mayina a zotuluka) pabolodi ana asanaone ndi maso awo chinthu chimodzi chikugawikana n'kukhala zinthu ziwiri kapena zitatu, chifukwa tanthauzo lonse la decomposition lagona pamenepo. Zimandimvetsa chisoni mwana wakhama akamataya malikisi pa mayeso a Examinations Council of Zambia chifukwa choloweza mayina osadziwa chimene chinachitika m'test tube.

Ngati sukulu yanu ili ndi copper carbonate, yambirani pamenepo. Ndi ufa wobiriwira, ndipo mukautenthetsa umasanduka wakuda ana akuonerera, pamene mpweya wotulukawo mukaudutsitsa m'limewater (madzi osungunuliramo laimu), madziwo amachita mbuu ngati mkaka. Afunseni ana kuti munaika zinthu zingati m'test tube. Akayankha kuti chimodzi, alembe dzina limodzi lokha kumanzere kwa muvi, ndipo zotuluka zipite kumanja:

copper carbonate → copper oxide + carbon dioxide

Apa ndi pamene ana amapunthwa kwambiri. Ena amalemba heat kumanzere ngati kuti kutentha ndi mankhwala, pomwe malo ake ndi pamwamba pa muvi. Ena amawonjezerapo oxygen chifukwa aona moto, ndipo m'maganizo mwawo chilichonse chokhala pamoto chikupsa. Afotokozereni modekha kuti popsa chinthu chimaphatikana ndi oxygen, koma pogawikana palibe chimene chalowamo.

Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, ndi kuiwala mpweya chifukwa suoneka. Chothetsera vutoli ndi sikelo. Mwala wa laimu, womwe ndi calcium carbonate, ukawotchedwa pamoto waukulu wa pafupifupi madigiri 900, monga amachitira m'mafakitale a laimu ndi simenti ku Ndola ndi ku Chilanga, magalamu 100 alionse amasiya magalamu 56 a calcium oxide. Funsani kalasi kuti magalamu 44 otsalawo apita kuti, ndipo muwasiye akangane kaye mpaka wina atchule carbon dioxide yekha.

Sukulu zakumidzi zosowa mankhwala zisataye mtima, pakuti soda wa m'sitolo amene amayi amathira m'therere ndi sodium hydrogencarbonate. Ikani masupuni awiri m'kapoto kouma bwino, muvundikire ndi chivundikiro chozizira, muike pambaula. Pakapita kanthawi vundukulani, ndipo ana adzaona timadontho ta madzi pachivundikiro ngakhale simunathiremo madzi. Apa zotuluka ndi zitatu:

sodium hydrogencarbonate → sodium carbonate + water + carbon dioxide

Ana akazolowera zimenezi, asonyezeni kuti si moto wokha umene umagawa mankhwala. Magetsi amagawa madzi kukhala hydrogen ndi oxygen, ndipo kuwala kumafulumizitsa kugawikana kwa hydrogen peroxide kukhala madzi ndi oxygen, n'chifukwa chake hydrogen peroxide amasungidwa m'botolo losalowa kuwala. Mukathiramo manganese dioxide kuti thovu lituluke msanga, dzina lake lilembedwenso pamwamba pa muvi, chifukwa ufa wakudawo umatsala momwe unalili, ndipo ana angathe kuusefa n'kuuona okha.