Timawu Tachingerezi Topambanira Scrabble

Musayambe ndi kuloweza mawu ataliatali. Pa Scrabble, masewera opanga mawu poyala zilembo pa bolodi, chimene chimatsegula malo ndi timawu ta zilembo ziwiri, chifukwa timakulolani kuyala mawu anu motsatana ndi mzere wa mnzanu, mapointi n'kuwerengedwa mbali zonse ziwiri.

Yambani ndi timene tili ndi zilembo zamtengo. Q ndi Z zimapatsa mapointi 10, J ndi X zimapatsa 8. Ndiye lowezani QI, mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha ku China. ZA, chidule cha pizza. XU, kandalama ka ku Vietnam. Ndi JO, wokondedwa m'kalankhulidwe ka ku Scotland. Tanthauzo musalidumphe, mawu opanda tanthauzo sachedwa kuthawa m'mutu.

Ambiri amakakamira Q podikira U, poti m'Chingerezi Q nthawi zambiri imatsatana ndi U. Komatu mwa zilembo 100 za m'thumba, ma U alimo 4 okha, ndipo Q ikakutsalirani pothera masewera amakuchotserani mapointi 10. Ikangopezeka mpata, itayeni ndi QI kapena QAT. V ndiye yovuta, ilibe mawu a zilembo ziwiri.

Kenaka zolowerani kulumikiza chilembo chimodzi kutsogolo: HOST asanduka GHOST, LATE asanduka PLATE kapena SLATE. S musaimwaze pa timapointi tochepa, nayonso ilimo 4 yokha; isungireni mawu otha zilembo zanu zonse 7, omwe amabweretsa mapointi 50 apadera.

Musanayale bolodi, gwirizanani za dikishonale. ZO ndi wololedwa mu dikishonale ya Collins koma osati pa mndandanda wa mawu wa ku North America.