Dimba ku Chikwawa ndi Nsanje: kumbani pansi, osakweza mabedi

Ine nditangosamukira ku Ngabu ndinabwera ndi nzeru za kwathu ku Thyolo, kukweza mabedi mpaka kufika m'mawondo, kuthirira kamodzi m'mawa basi nkumadikira repu. Sabata ziwiri sizinakwane zonse zinali zitapserera. Kunotu nkuchigwa abale, mvula ndi yochepa komanso ikabwera imabwera mwaukali miyezi itatu kapena inayi kenako zii, ndiye mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ngakhale nkhuku zimangoyenda kukamwa kuli yasa.

Musanagule mbewu yambani mwaliona dothi lanu. Tapani lodzadza dzanja, linyowetseni pang'ono nkulipota m'manja ngati mukupota chingwe. Likapoteka osaduka, lakuda, lomata, amenewo ndi makande aja odziwika cha ku Ngabu omwe thonje ndi mapira zimawakonda. Chonde alinacho ndithu koma ngovuta, akauma amang'aluka ming'alu yoti dzanja kulowa, akanyowa amamatirira ku khasu ndi ku silipasi mpaka mumachita kubwerera opanda nsapato. Musawalime ali chinyowere, mupanga zibuma zolimba ngati njerwa zoti muvutika nazo chaka chonse. Dikirani afike poti mukafinya chibuma chikuyoyoka. Likakhala kuti dothi likungomwazika osagwirana, ndi lamchenga, madzi amangodutsa ngati m'sefa. Awiri onsewa mankhwala ake ndi amodzi, manyowa, ndipo mwayi wake ng'ombe ndi mbuzi kuno nzambiri. Koma ndowe zikhale zowolerana, zaziwisi zimawotcha mbande.

Tsopano bedi. M'malo mokweza, kumbani lolowa pansi ngati masentimita 10 kapena 15, mulifupi mita imodzi kuti muzifikira pakati osaponda, dothi mwachotsalo muunjike m'mbali likhale ngati mkombero wa beseni. Madzi mwathirawo amakhala pompo osathawa, ndipo mphepo yotentha imadutsa pamwamba. Tomato, mabiringanya ndi maungu ine ndimangokumbira mayenje, dzenje lililonse manyowa odzadza manja awiri. Izi nzachilimwe, nthawi ya dzinja pa makande bedi lolowa limasanduka chithaphwi mizu nkuwola, apo ndiye kwezani.

Mukabzala phimbirani. Udzu wouma, mapesi a mapira, masamba a nimu, chilichonse, bola dothi lisaonekere kudzuwa. Muzisiya kampata kuzungulira tsinde chifukwa chiswe sichichedwa.

Nkhani yaikulu yomwe ambiri saiganizira ndi mchere. Mijigo yambiri ku Chikwawa madzi ake ngamchere, ena amachita kulephereka kumwa, sopo osachita thovu. Mukamathirira madzi otere pang'onopang'ono tsiku lililonse, dzuwa limamwa madziwo mchere nkutsala pamwamba, mudzangoona dothi layera ngati mwawaza ufa ndipo masamba ayamba kupsa m'mphepete, inu nkumati ndi matenda, kuthamangira kukagula mankhwala opopera, ndalama kungotaya. Ndiye thirirani kwambiri koma mwa apo ndi apo, madzi alowe pansi akankhire mchere kupitirira mizu, makamaka madzulo dzuwa litapepa. Pa makande kuthirira kokhuta kamodzi kumatha kukufikitsani masiku awiri atatu ngati mwaphimbira, pamchenga ayi, pamafuna pafupipafupi. Pisani chala, ngati mkati muli chinyezi keni ibwerere. Malo oyera mcherewo musawonjezerepo phulusa ngakhale kumtunda amalitama, ndipo feteleza muzithira mochepa chifukwa nayenso ndi mchere. Nyemba, anyezi ndi karoti ndi zoyamba kugonja ku mchere, tomato amayesetsako kupirira. Amene muli pafupi ndi Shire kapena m'mphepete mwa Dambo la Njovu inu ndiye odala, madzi okoma komanso chinyezi chotsalira madzi akaphwa, kungoti muzisamala ng'ona potunga.

Za nthawi, repu, chainizi, kabichi ndi mpiru bzalani kuyambira Epulo mpaka Julayi kukadali kozizirako. Kukayamba kutentha osalimbana nazo, pitani ku zathu zomwe, bonongwe, therere, kholowa, nkhwani. Cham'mwamba, amene kuno amati sangowa, dzalani mitengo iwiri itatu kumpanda, ndiwo simudzasowa ngakhale mu Okutobala. Nazale imangireni kachisakasa ka udzu kopyapyala ndipo kuwokera kuzichitika madzulo okhaokha.

Enanu minda yanu inakwiririka ndi mchenga nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Musafulumire kuisiya, kumbani kaye dzenje muone mchengawo wafika pati, ngati sunapitirire kutalika kwa mpeni wa khasu dothi lakale lija lilipo pansipo, kumbani mayenje ofika pamenepo musakanize ndi manyowa. Ukakhala wofika m'chiuno apo ndiye bola mbatata kapena kusaka malo ena.

Ndipo mpanda mumange musanafese, wa bango kapena waminga, chifukwa chilimwe kuno mbuzi zimangotayiriridwa ndipo chobiriwira chokhacho m'mudzi monse chikhala dimba lanulo.