Mendulo ndi riboni za asilikali: kusiyana kwake ndi kavalidwe

Mendulo ndi kachitsulo kolendewera pa kansalu ka mitundumitundu. Riboni ndi kansalu komweko, kodulidwa kafupi n'kukulungidwa pa kachitsulo kopyapyala, ndipo kamaimira menduloyo. Mendulo zenizeni zimavalidwa pa perete ndi miyambo ikuluikulu, riboni pa yunifolomu ya masiku wamba. Mphoto imodzi musaivale pawiri, mendulo ndi riboni yake nthawi imodzi. Dziwaninso kuti ku United States kuli mphoto zina zopanda mendulo, monga Combat Action Ribbon.

Kawirikawiri zimakhala kumanzere kwa chifuwa, pamwamba pa thumba. Pamene ambiri amaphonya ndi pa ndondomeko. Yaulemu woposa zonse imakhala mumzere wapamwamba, kufupi ndi pakati pa chifuwa, zotsatira n'kumalowera kuphewa. Mukasanja muli pagalasi mudzazitembenuza, choncho yalani jekete patebulo n'kusanjira pomwepo. Samalaninso riboni imene mbali zake sizifanana: mwachitsanzo, pa riboni ya mendulo ya ku Britain yotchedwa 1939–1945 Star, mbali yabuluu woderapo iyenera kukhala kutali ndi phewa lamanzere.

Mendulo zikachuluka, zisanjikizeni pang'ono pa kachitsulo kamodzi, yoyambayo izioneka yonse, ndipo m'munsi mwake zilingane. Timendulo tating'ono toimira mendulo zenizenizo timavalidwa makamaka pa zovala za phwando lamadzulo.

M'mayiko ambiri a Commonwealth, wachibale wovala mendulo za malemu amaziika kumanja, kuti anthu asaziyese zake.

Riboni musaichape, imasuluka. Ikada, gulani yatsopano. Mendulo ipukuteni ndi kansalu kofewa, chifukwa polishi wokhakhala amafufuta zolembedwa.