Momwe mungamangire buloko ya sukulu popanda kutha mitengo ya m'mudzi

Sukulu ikafuna buloko yatsopano, tonse timadziwa momwe zimayendera. Amfumu amagawa ntchito, mudzi wina kuumba njerwa, wina kututa mchenga. Likakwana tsiku lowotcha uvuni, nkhwangwa zimalowa m'misangu ndi m'mitengo ya mango yomwe anadzala makolo. Njira imeneyi inatsekedwa mu 2018, pomwe malamulo a bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za mabungwe. Sukulu zili m'gulu lomwelo. Inu a komiti ya sukulu, a PTA ndi aphunzitsi aakulu, nayi ndondomeko yoti mutsate.

1. Onani malo mvula itangogwa

Malo omangapo sasankhidwa m'chilimwe. Pitani pamalopo kutagwa mvula yamphamvu, muone komwe madzi akudutsa ndi pomwe akuima. Funsaninso agogo a m'mudzimo, amakumbukira pomwe mtsinje unafika zaka zomwe unasefukira. Sukulu zambiri za m'chigawo chakummwera zinaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, choncho nkhani ya malo musaitenge mwachibwana. Ngati pamalopo pali mtengo waukulu, sunthani buloko, mtengowo usiyeni.

2. Buloko iyang'ane koyenera

Apa simulipira ngakhale tambala. Zipupa zazitali, zomwe zimakhala ndi mawindo, ziyang'ane kumpoto ndi kummwera, zazifupi ziyang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Mukatero dzuwa la m'mawa ndi la masana sililowa molunjika m'kalasi. Mawindo akhale mbali zonse ziwiri kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Ine sindigwirizana ndi zotseka mawindo onse ndi njerwa zoboola zija: akuba zimawatchinga ndithu, koma kalasi imada moti mwana wakumbuyo saona pabolodi kukachita mitambo.

3. Njerwa zosawotcha

Njira ndi ziwiri. Mukhoza kugula mabuloko a simenti, kapena kuumba njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pamakina a manja. Yachiwiriyi ndi yomwe imapatsa anthu a m'mudzi mpata wothandiza ngati kale, koma imafuna kusamala.

Yambani ndi kuyesa dothi. Chotsani lapamwamba lachonde, limenelo ndi la kumunda, mukumbe lapansi. Thirani dothi m'botolo mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, ndipo musiye tsiku lathunthu. Mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Dothi labwino ndi lomwe mchenga wake waposa theka. Katondo nthawi zambiri amachita bwino, koma makande amang'aluka akauma, asiyeni.

Sefani dothilo, lisakhale ndi miyala kapena mizu. Muyeso umakhala ndowa imodzi ya simenti pa ndowa za dothi zapakati pa 10 ndi 20, kutengera dothi lanu, ndipo apa itanani mmisiri wa kukhonsolo kuti akuuzeni muyeso weniweni. Sakanizani zouma mpaka mtundu ufanane, kenaka muwaze madzi pang'ono. Matope ngati a m'chikombole ayi. Fumbatani dothi n'kuligwetsa pansi: likasweka zibenthu zochepa ndiye kuti lili bwino, likangophwanyika ngati ufa madzi achepa, likamatika osasweka madzi achuluka.

Ambiri amalakwitsa njerwa zikatuluka m'makina. Njerwazi siziyanikidwa padzuwa. Ziikeni pamthunzi, muzifunditse pulasitiki, muzizithirira m'mawa ndi madzulo kwa sabata ziwiri, ndipo mudikire masiku 28 musanamangire. Simenti imalimba ndi chinyezi, ndiye njerwa youma msanga imafumbutuka ngakhale ndi chikhadabo. Dzenje lomwe mwakumba dothi likwirireni mvula isanayambe, pasukulu pali ana aang'ono.

4. Maziko ndi denga

Maziko akhale a miyala kapena mabuloko a simenti, akwere pamwamba pa nthaka, ndipo muyale pulasitiki musanayambe khoma kuti chinyezi chisakwere. Denga lituluke kunja masentimita osachepera 60, mvula isamamenye zipupa. Mitengo ya denga imangiriridwe ndi waya wolimba kapena zitsulo ku konkire ya pamwamba pa khoma, chifukwa misomali yokha siigwira chimphepo chikabwera. Ndalama zikalola ikani siling'i, ngakhale ya nsungwi. Imachepetsa kutentha kwa mu Okutobala komanso phokoso la mvula pamalata lomwe limaimitsa phunziro.

5. Kololani madzi a padenga

Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la mamita 20 mulitali ndi 8 mulifupi limalandira malita 1,600 pa mvula ya mamilimita 10 yokha. Mukawalekerera, madzi amenewo ndi omwe amakumba zigwembe pabwalo la sukulu. Alowetseni m'thanki yotsekedwa bwino, kupatula a mvula yoyamba omwe amakhala ndi fumbi ndi zitosi. Agwiritseni ntchito posamba m'manja, kukolopa ndi kuthirira nazale. Osefukira apite m'ngalande yomwe m'mbali mwake mwadzala udzu wa vetiva.

6. Zimbudzi ndi khitchini

Zimbudzi zikhale kumunsi kwa mjigo, pamtunda wa mamita osachepera 30, ndipo musaiwale chipinda chosinthira atsikana. Ngati sukulu yanu imaphika phala, chotsani mafuwa muike mbaula zosatha nkhuni. Mapesi a nandolo ndi zitsononkho nazonso zimayaka bwino.

7. Dzalani, ndipo mutchule wosamalira

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kumbali komwe kumachokera mphepo yamphamvu dzalani mzere wotchinga, motalikirana ndi buloko kuti mizu isasokoneze maziko. Za nkhuni dzalani keshya ndi gliricidia, poti mukadula zimaphukanso. Bulugamu akhale kutali ndi mjigo ndi dimba, amamwa madzi kwambiri.

Kudzala n'kosavuta. Mbande zambiri zimafa patchuthi chachitali cha m'chilimwe, ana kulibe, mbuzi zili ponseponse, moto wa osaka mbewa ukuyaka. Tchingirani mtengo uliwonse, lambulani njira yotchinga moto, ndipo mugwirizane ndi amfumu kuti ndi mudzi uti uzithirira sabata iti. Chimodzimodzi sola, ngati mwaika: batire imatha pakapita zaka zingapo. Mtengo wa batire yatsopano, wa mpopi wa pathanki ndi wokonzera ngalande ulembedwe m'pulani ya chitukuko cha sukulu chaka chilichonse, pamodzi ndi dzina la udindo wa yemwe aziyang'anira.