Kukonza ulendo wogona m'matenti ndi makolo

Mwafunsa za ulendo wa pagalimoto wodutsa m'mapaki a nyama ndi m'mbali mwa nyanja muli ndi makolo anu.

Musananyamuke pakhale galimoto yoonetsedwa kwa makaniko, tayala lapadera, tenti, matiresi ochindikala, tochi, madzi akumwa ndi mankhwala a makolo okwanira ulendo wonse.

1. Afunseni zomwe akufuna kukaona. Musawasankhire.
2. Sungitsani malo ogona pasadakhale, mapaki otchuka amadzaza msanga.
3. Yesani kumanga tentiyo pakhomo.
4. Gawani mtunda. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amangoyang'ana mapu n'kuiwala kuti m'paki galimoto imayenda pang'onopang'ono, komanso mageti ambiri amatsekedwa dzuwa likamalowa. Msana wa munthu wachikulire sulola kukhala pampando tsiku lonse, ngakhale iwo atanena kuti ali bwinobwino. Muziima pakatha maola awiri aliwonse, ndipo muzifika kukuwala.
5. Chakudya chisagone m'tenti, fungo limaitana nyama. Sungani monga akunenera malamulo a pakiyo.
6. Kunyanja yamchere madzi amakwera n'kutsika, choncho mangani tenti kumtunda kwa pomwe amalekezera. Mumchenga zikhomo zazifupi zimazuka, tengani zazitali.