Pansi pa matabwa panasiya kulira nditaika guluu

M'chipinda cham'mwamba chomwe tikumanga kuno ku Leicester, ku England, pansi pankalira kuti kwii kwii munthu akangoponda. Tinali titayala matabwa a chipboard (opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa pamodzi) okhuthala mamilimita 22 pa mitanda yotalikirana mamilimita 400, n'kungokhomera misomali basi.

Ndinawonjezera misomali, kulirako sikunasiye. Wina anati ndithire paudala m'mipata, kunakhala zii masiku awiri okha. Vuto linali loti thabwa limasuntha pang'ono pa mtanda n'kumakhulana ndi msomali.

Ndinazula matabwa onse, kupala mitanda ndi kusesa fumbi lonse, chifukwa guluu sagwira pa fumbi. Kenako ndinagula guluu wa D4, uja amatupa ngati thovu akamauma. Mabotolo atatu anakwana chipinda chonse.

Apa ndi pomwe panagona nkhani: musapake mitanda yonse nthawi imodzi. Guluuyu amayamba kuuma pamwamba msanga, ndiye mukachedwa thabwa limangokhala pa chikhungu chouma osagwira. Ine ndinkapaka mzere umodzi wosadukiza pa mitanda ya thabwa limodzi lokha, n'kupakanso m'ngalande momwe matabwa amalumikizana. Poyamba paja ngalandezo ndinazisiya zouma, ndipo ndikuganiza kuti phokoso lambiri linkachokera pomwepo. Ndikayala thabwa, ndinkamanga masikuluu nthawi yomweyo guluu akadali wamadzi, nditaimirira pathabwapo. M'mbali mwa khoma ndinasiya mpata wa mamilimita 10 kuti matabwa akatupa asakankhane.

Valani magolovesi. Ine sindinavale, manja anada sabata yathunthu.